Kompyuta ya Malemu Isazime

A Kaliati, malume ake a malemu, anaima pakhomo la chipinda atapingasa ndodo.

"Katundu wa malemu sakhudzidwa tisanamete, mayi a Fatsani. Mawa si kutali."

Abigail anasuzumira m'kati. Pathebulo, kompyuta ya mwamuna wake Mathews inali chiyakire, kanyali ka batire kakuphethira mofiira. Mathews anaikidwa dzana, atagundidwa ndi lole pa Golomoti. Chiikireni maliro dzuwa linali lisanaoneke, ndipo sola ya padenga inangosanduka lata wamba.

Pulogalamu ya m'kompyutamo anailemba yekha Mathews. Inkamvera kachipangizo koyeza madzi kumtunda kwa mtsinje, madzi akakwera n'kuimbira mafoni a m'midzi ya kumunsi. Koma inali ndi nthenda yake: inkangouma mwadzidzidzi, osaimba. Chaka chatha itauma, madzi anakokolola nkhokwe ndi mbuzi anthu ali kumunda. Sabata yatha inaumanso, ndipo Mathews anaisiya dala choncho kuti aligwire vutolo likadali m'kati. Koma imfa sifunsa kuti pamoto wasiyapo chiyani.

Laisoni, mnzake wa Mathews wa ku Lilongwe, anali ataimba m'mawa. "Alamu, zonse zimene pulogalamuyo yasunga m'mutu panopa muzikopere pa fulashi kompyuta isanazime. Ikazima zafufutika, ndipo chimene chimaiumitsa sitidzachipeza. Mukakopera muiyambitsenso."

Abigail anagwada. "Malume, batire silifika mawa. Taonani kumapiriko."

Mapiri a Dedza sankaoneka n'komwe. Kunali bii, ndipo mphepo inkabwera ndi fungo la dothi lonyowa.

"Mtsinje umenewu ndinaudziwa mwamuna wanuyo asanabadwe," anatero a Kaliati. "Ine chondiopsa si madzi. Mukagwira za wakufa nthawi isanakwane, mudzadwalitsa mwana. Ndiye mudzaloza ndani?"

Mawuwo anamulasa, poti nayenso anakulira m'mwambo womwewo, ndipo Fatsani anali akutsokomola kale. Anachita mantha enieni. Komabe anawerama n'kudutsa pansi pa ndodoyo. Amayi amene anakhala pakhonde anatembenuka kumuyang'ana.

"Zikakugwerani musadzanditchule," anatero mkuluyo.

Abigail analowetsa fulashi n'kuimbira Laisoni, ndipo foni ili kukhutu anadina pamene ankamuuza. Kamzere kanayamba kukwawa pagalasi, ulendo wa nkhono, pamene madontho oyamba ankagogoda padenga. Kanafika pakati n'kuima. Kenaka kanasuntha, mpaka kumapeto.

"Zalowa," ananong'ona Abigail.

"Sungani fulashiyo ngati diso. Tsopano iyambitseni."

Anaiyambitsa. Kwa kanthawi kunalibe kanthu. Kenaka foni ina inalira pakhonde, ina kuseri kwa nyumba, ina pamsasa pamene panakhala azibambo, mpaka bwalo lonse la maliro linadzaza kulira kwa mafoni. Ya a Kaliati inkanjenjemera m'thumba la jekete. Anaitulutsa pang'onopang'ono n'kuitchera kukhutu.

Sunali uthenga wolemba. Mathews ankadziwa kuti okalamba ambiri kumunsiko sawerenga, choncho anajambula mawu ake, odekha ngati akupereka moni:

"Pepani makolo anga, ndine Mathews. Madzi akwera kumtunda. Yambani mwanyamula ana ndi odwala, mupite kokwera. Katundu tidzapeza wina."

A Kaliati anatsitsa ndodo. Anavula chipewa, foni ikadali kukhutu.

"Ndamva, mphwanga," anayankha.