Kachala ka Pijo ya a Makaiko

Amuna anga a Makaiko anamwalira mu Epulo chaka cha 1972, mpunga utangoyamba kuwerama m'dambo, ndipo anandisiyira galimoto yosalira pansi pa mtengo wa mango. Inali Pijo yakale ya bokosibode, yotuwa moti mtundu wake weniweni tonse tinali titauiwala. Ankanyamulira anthu mpunga, nzimbe ndi nthochi kuchoka kuno ku Domasi kupita ku Songani ndi ku Zomba, ndipo pa zaka khumi ndi zinayi sanalole makanika aliyense kuikhudza. Ankakonza okha. Ntchito yanga inali kuima pambali nditanyamula masipanala m'chitenje, n'kumamvera akuyankhula ndi injini mokoma kuposa mmene ankayankhulira ndi ine. Nsanje ndinkachita, sindibisa.

Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini. Akamwalira, abale ake amabwera kudzasudzula mkazi, n'kutenga katundu wa m'bale wawo. Choncho maliro atangotha, mng'ono wawo wa a Makaiko, a Lazaro a ku Naisi, anayamba kubwerabwera kudzayesa galimoto. A Lazaro anali munthu wabwino mtima, kuyendetsa ankathanso, koma zam'kati mwa boneti ankazidziwa ndi pakamwa pokha. Anapotokola kiyi mpaka batire inafooka. Anaitana amuna a m'mudzi kuti akankhe, anakankha mpaka kuchitsime n'kubwereranso nayo ali thukuta kamukamu, koma Pijo osatsokomola n'komwe. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mwini wake akukana nayo.

Lamulungu lina mu Juni, titaweruka kutchalitchi, a Lazaro anakhala pakhonde langa n'kuvula chipewa.

"Alamu, ine ndatopa nayo galimoto iyi," anatero. "Loweruka tikatha zosudzula, ikalira ndiyendetsa kupita kwathu. Ikapanda kulira tiiphwasula pompano. Matayala ndipangira ngolo, injini akuifuna a chigayo, ndiye kabiniyo nkhuku zanu zizigonamo."

"Ndamva, alamu," ndinayankha, poti namfedwa sayankha zambiri. Zoti ichoka pakhomo ndinali nditavomera kale, mwambo ndi mwambo. Koma zoti aisende ngati mbuzi pabwalo langa lomwe, ine ndikuona, zimenezo mtima wanga unakana.

Masiku amenewo ndinali ndi chizolowezi chimene sindinkauza munthu. Masana anthu akapita kukamweta mpunga, ine ndinkalowa m'kabini n'kutseka chitseko. Galasi lakutsogolo linayang'ana kuphiri la Zomba, ndipo nyengo yozizira ija mitambo inkatsika pang'onopang'ono n'kumameza mitengo umodziumodzi mpaka phiri lonse litasowa. M'katimo munkanunkhira petulo, fumbi la madeya ndi mafuta amene a Makaiko ankadzola kumutu. Mpando wawo unali ndi dzenje la thupi lawo. Ndinkakhala mbali yanga, osagona komanso osakhala maso, ndipo nthawi zina ndinkaona ngati galimoto yanyamuka mwakachetechete, ikuyandama pamwamba pa minda, ngala za mpunga zikukhudza pansi pake, akakowa akutipatsa njira.

Lachiwiri ndili m'maloto anga amasanawo, ndinawaona amuna anga. Sanandiyang'ane, monga mwa masiku onse. Anatsika, anatsegula boneti, ndinamva tizitsulo tiwiri tikulira thi, thi, kenako dzanja lawo linalowa m'thumba lam'kati la jekete. Ndinadzidzimuka n'kugunda mutu kudenga la kabini.

Kachala!

M'injini muli kabokosi kogawa moto, amakanika amati distibyuta, kamene pachivundikiro chake pamatuluka mawaya anayi opita kumapulagi. Pansi pa chivundikirocho pamazungulira kanthu kakang'ono kokhala ndi lilime la mkuwa. A Makaiko ankakatcha kachala, chifukwa ntchito yake ndi kuloza pulagi iliyonse nthawi yake ikakwana: iwe yaka, iwe yaka. Madzulo alionse ankakazula n'kukaika m'jekete poopa akuba, ndipo ankadzitama kuti wakuba atha kukankha mpaka ku Liwonde koma sadzaliza galimoto yawo. Jekete anali ndi imodzi yokha, yotuwira, ya kumsika ndi kutchalitchi komwe. Ndipo jekete imeneyo ndinaipereka ndine, ndi manja anga awiriwa, kwa adzukulu kuti awaveke.

Ndinatsegula boneti, n'kumasula tizitsulo tija. Pansi pa chivundikiro panangoima kamtengo kachitsulo kopanda chipewa. Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inapitirira yokha kuseka kutatha. Bambo uja anapita nako kumanda, ndipo mudzi wonse unakankha galimoto kupita kuchitsime iye atagona phee, kachala kali pamtima.

Kuwauza a Lazaro sindikanatha. Ndani akanakhulupirira kuti ndinaiwala? Akanati mkazi uja anakwirira dala kuti abale a mwamuna asadye kanthu, ndipo mbiri yotero imatsala mpaka kwa zidzukulu. Kogula nakonso kunalibe pafupi. Kachala kameneko a Makaiko anakafunafuna miyezi itatu asanakapeze m'galimoto yakufa ku Limbe.

Ndinapita kwa mnzanga Lukiya, tonse timamutcha Abiti Idi, amene ankakazinga mandasi ku Songani ndipo tinakulira limodzi kusamba mumtsinje wa Domasi. Ndinamupeza akupeta mpunga. Atamva nkhani yanga anaika lichero pansi.

"Chemwali, mukuona ubwino wa ife Asilamu?" anatero. "Sanda ilibe thumba."

"Abiti, sindinabwerere nthabwala. Pulaimasi yanu yakufa ija ilipo?"

"Mukufuna kuphika galimoto?"

"Ndikufuna mkuwa wake."

"Mukudziwa kuti ikalira ndiye yapita?"

"Ndikudziwa."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pulaimasi yakuda bii, ndiponso sizasi yodulira malata ya amuna ake.

Lachitatu ndinasema kachala koyamba ndi nthambi ya bwemba. Ndinaboola kunsi ndi msomali wotentha kuti kalowe pakamtengo kachitsulo kaja, pamwamba ndinakhomerapo kalilime ka mkuwa ndi timisomali ta nsapato. Kanaoneka bwino ndithu, ndinanyada. Batire inali yofooka, choncho tinalowetsa hendulo yolizira injini kutsogolo, Abiti n'kumapukusa. Anapukusa mpaka mpango unagwa kumutu. Zii.

Ndinakhala pansi pa mango nditakwiya ndi aliyense, amoyo ndi akufa omwe. Ndipo mawu a amuna anga anandibwerera mmene ankanenera m'mawa wa mame, akupukuta mawaya ndi nsanza: moto wa galimoto ndi waulesi, ukapeza chinyontho umathawira pomwepo. Nthambi yanga inali yaiwisi. Moto unkalowa mumtengo n'kutsikira kuchitsulo osafika kumapulagi.

Lachinayi ndinadula mpini wa kasemasema wa malemu bambo anga, mtengo wouma zaka makumi atatu, wolimba moti mpeni unkaterereka. Ndinasema tsiku lonse. Zipalapala zinkagwera pamiyendo panga, mitambo inatsika kuphiri n'kubwereranso, ndipo pena ndinkaiwala kuti manja akusemawo ndi anga. Ankadziwa zinthu zimene ine sindinkadziwa kuti ndimadziwa: kuti bowo likhale ndi kamlomo kogwira mumpata wa chitsulo, kuti timisomali tisaboole mpaka kunsi, kuti pakati pa mkuwa pasalale poti ndi pamene kakala kobweretsa moto ka m'chivundikiro kamatsamira. Zaka khumi ndi zinayi ndinkayesa ndangonyamula masipanala. Pomaliza ndinakaviika m'kandulo yosungunula kuti chinyontho chisalowe.

Lachisanu Abiti anabweranso. Ndisanakhome lilime la mkuwa anandifunsa funso la nzeru.

"Nanga mudziwa bwanji koloza? Mawaya ndi anayi."

"Injini itiuza yokha," ndinatero, ndipo ndinadabwa kumva mawu a mwamuna wanga akutuluka pakamwa panga.

Ndinamasula pulagi yoyamba, ndinatseka bowo lake ndi chala changa chachikulu, n'kumuuza Abiti kuti apukuse hendulo pang'onopang'ono ngati akutakasa phala la wodwala. Poyamba panalibe kanthu. Kenako ndinamva chala chikukokedwa pang'ono. Kenako mpweya unayamba kukankha kuchokera m'kati, wofunda pang'ono kapena ndinangoganiza ndine, mpaka unatuluka m'mbali mwa chala kuti fuu.

"Imani pomwepo!"

Chinthu chimene chinagona miyezi iwiri chinandipumira padzanja. Ndinaima osachotsa chala, maso ali kuphiri, ndipo ndinawasowa amuna anga kuposa tsiku la maliro. Patapita nthawi ndinayang'ana pamene waya wa pulagi yoyamba umalowera pachivundikiro, ndinalemba ndi khala pakachala, n'kukhoma lilime moloza pomwepo. Ndinabwezera pulagi, ndinatseka chivundikiro, ndinapopa petulo ndi kachitsulo ka pampu mpaka ndinamva fungo.

"Tipukuse?" anafunsa Abiti.

"Iyayi. Mawa."

"Chemwali, mukapanda kuyesa lero, mawa mukachita manyazi pamaso pa anthu."

"Ikalira lero mudzi wonse umva, alamu afika dzuwa lisanalowe. Lero ikadali yanga."

Ndinalowa m'kabini, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakhala mbali yawo, m'dzenje lija, manja pachiwongolero. Sindinapite kulikonse. Ndinangoonerera mbalame zikubwerera kuchokera kudambo.

Loweruka m'mawa abale a ku Naisi anafika. Tinakhala pamphasa, akuluakulu anayankhula, anathokoza kuti ndinasunga m'bale wawo, n'kundiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndine womasuka. Ndinawomba m'manja monga mwa mwambo. Anatulutsa njinga, wailesi ndi bokosi la zida. Kenako ndinaona a Lazaro akupita kumtengo wa mango ndi amuna atatu, wina atanyamula hamala, wina jeke.

Ndinaimirira. "Alamu, ndiloleni ndiitsanzike."

"Tsanzikani, alamu," anatero mwachifundo, akuganiza kuti ndikufuna kulira.

Ndinatsegula kiyi, ndinaona kuti giya ili pakati, ndinakoka choko yowonjezera petulo. Ndinamanga chitenje mwamphamvu n'kugwira hendulo, chala chachikulu osachikulunga, poti ikabweza imathyola dzanja. Kumbuyo kwanga amayi ena anayamba kung'ung'udza kuti chisoni chamuzunguza mutu. Ndinakoka kamodzi. Zii. Kachiwiri, inatsokomola, nkhuku zinabalalika. Ndinapuma, ndinalavulira m'manja, ndipo mumtima ndinati, Makaiko, wandivutitsa mokwanira. Ndinakoka kachitatu.

Inagwedezeka thupi lonse, inalavula utsi wakuda, masamba ouma a mango anatsetsereka paboneti, kenako inakhazikika n'kumalira bwinobwino ngati sinagonepo. Wa hamala uja anabisa hamala kumbuyo. Abiti analuluta yekha mpaka ena anamuthandiza.

"Alamu, mwaitani?" anafunsa a Lazaro, pakamwa pali yasa.

"Ndaipempha," ndinatero. "Madzi muziona m'mawa uliwonse. Oyilo imadya pang'ono, musaidandaule. Kwerani isanasinthe maganizo."

Anakweza njinga, wailesi ndi bokosi kumbuyo, abale anakwera pamwamba pake. A Lazaro anandigwira dzanja ndi manja awiri. Galimoto inatuluka pabwalo ikupendama m'mabampu, inadutsa nkhokwe ya a Dina oyandikana nafe, n'kulowa m'njira ya pakati pa minda.

Anthu anabwerera kumphasa kukadya, koma ine ndinatsala chiimire, ndikuitsatira ndi makutu. Ndinaimva ikutsika kudambo. Ndinaimva ikugunda matabwa a pamlatho. Patsogolo pake panali chitunda chokwera kumsewu waukulu, ndipo apa ndiulule tchimo langa: ndinapemphera kuti kachala kanga kathyoke. Ndinapempha Mulungu ndi mtima wonse kuti mtengo ung'ambike, mkuwa uzuke, galimoto izime pachitundapo, kuti aikankhe kubwerera nayo kuno ndiyambirenso kusema.

Inakwera chitunda chonse osaphonya ngakhale kamodzi. Ndinali nditakasema bwino kwambiri.