Dzina Lapamwamba pa Pepala Langa

"Lachisanu likubwerali ubweretse pepala lako, Dik Widuri. Lonse, osati nyenyeswa."

Pulofesa Kusumastuti, amene tonse timangowatchula Bu Kus, anandigwira chigongono pakhomo la wodi ya amayi apakati, amuna onse ali yakaliyakali kuthamangira kumzikiti. Lachisanu masana sukulu yathu ya udokotala imatsala m'manja mwa akazi kwa maola awiri. Ndi nthawi imeneyo pamene gulu lawo la aphunzitsi aakazi linkakumana, ena m'chipinda, ena pa foni kuchokera kusukulu za kuzilumba zina.

"Chabwino, Bu," ndinatero, ndikuseka ndi mano okha. Kwathu kuno Bu ndi mawu aulemu kwa mayi, Pak kwa bambo, pamene Dik amaitanira mng'ono.

Pepala la kafukufukulo linandidyera zaka zinayi. Amayi apakati mazana atatu odwala dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, ndinawatsata mmodzimmodzi, ena mpaka kumidzi, pa njinga yamoto mvula ili pamsana. Koma pamwamba pake panali dzina la Pak Haryoko, mkulu wa dipatimenti yathu, yemwe sanagwirepo dzanja la mayi ngakhale mmodzi. Langa linali pansi pa lawo. Mwambo ndi umenewo, wamkulu patsogolo. Chopweteka chinali choti popanda pepala lokhala ndi dzina langa pamwamba sindikanakwezedwa, ndipo ndinali nditauma pampando umodzi zaka zisanu ndi zinayi.

Nditamuuza Ambar, mnzanga wa ku labu, anatsala pang'ono kutsamwa ndi tiyi.

"Iwe Wid, wagona! Bu Kus ndi Pak Haryoko anaphunzira kalasi imodzi, amaitanirana maukwati a ana. Ukangopereka pepalalo utsika pachitatu, pakuti mayi aja nawonso afuna pokhala."

"Nanga akundikomeranji mtima chonchi?"

"Ndiye funso lake limenelo. Mbuzi akamaipatsa msipu wonona, udziwe kuti Idi yayandikira."

Mawu amenewo anandikhala. Ine ndinaleredwa ndi ntchito imene aliyense wokusekerera amakhala akuyeza thumba lako, choncho ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimatuluka thukuta. Ndinasindikiza pepalalo nditasintha manambala a patsamba lachisanu ndi chimodzi, pamene panali mtima wa kafukufuku yense. Enieniwo ndinawasunga m'kachipangizo kakang'ono kosungira za pa kompyuta, ndi kukamangira kunsonga ya mpango wanga wakumutu. Ndinkati wakuba akaba, abe zowola.

Lachisanu ndinapeza amayi khumi ndi anayi atazungulira tebulo, akumasula mpunga wa m'masamba a nthochi. Ankakambirana za mphunzitsi wina amene anamuchotsa pa komiti atangobwera kobereka, ndipo aliyense ankanena kuti alembera yani. Ine sindinadye. Ndinkawerenga nkhope, kufuna kudziwa kuti mwa iwo khutu la Pak Haryoko ndi liti.

Bu Kus ankawerenga pepala langa mwakachetechete. Atafika patsamba lija anaima. Anabwerera kumbuyo, n'kupitanso kutsogolo, kenako anavula mandala.

"Zikomo nonse. Dik Widuri, unditsate."

Mu ofesi mwawo anatseka chitseko n'kukhoma. 

"Patsamba lachiwiri amayi omwe anataya magazi ndi makumi anayi ndi mmodzi. Apa ndi makumi asanu, kuphatikizapo ena atatu. Enawa anachokera kuti, anagwa ndi mvula?"

"Mwina ndinalakwitsa potaipa, Bu."

"Usandinyoze, mwana iwe. Munthu wolakwitsa salakwitsa mwaudongo chonchi. Wanditchera msampha."

Ndinayang'ana pansi. Manyazi anandigwira, koma ukali nawonso unabwera, ndipo ndi umene unayankhula.

"Nanga ndikanatani? Inu ndi Pak Haryoko ndinu amodzi. Mukufunanji pa pepala langa? Tangonenani, mzere wachiwiri kapena woyamba?"

Sanakwiye, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa.

"Ukudziwa kuti tsamba ili likanatuluka m'chipinda chija, ntchito yako ikanathera pomwepo? Sakanati wachenjera. Akanati wapeka manambala, ndipo dzina limene ukulilirali likananunkha mpaka kutali uko ku Medan."

Anang'amba tsambalo tizidutswatizidutswa n'kuthira m'kapu ya tiyi wotsala. Kenako anakwera pampando, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, natsitsa magazini yakale ya zachipatala, masamba ake atachita chikasu. Anatsegula pa kafukufuku wa kuchepa kwa magazi mwa amayi apakati, amene tonsefe tinamuloweza tili ophunzira. Pamwamba panali maina a amuna atatu, lomaliza la Haryoko.

"Werenga pansi penipeni."

Zilembo zake zinali ngati nyerere. Tikuthokoza Mayi Kusumastuti potitaipira.

"Zaka zitatu ndikuyenda ndi mabotolo a magazi m'basi," anatero. "Maukwati a ana ake ndimapitadi, ndipo ndimavina. Munthu amene sindimukhulupirira ndimafuna ndizimuona pafupi."

Anandikankhira tsamba loyamba la pepala langa, cholembera pamwamba.

"Ine sindifafaniza dzina la munthu. Dzanja likhale lako. Koma udziwiretu, ukafafaniza lake, Haryoko akwiya. Akhoza kukupatsa ntchito ya mausiku onse a mwezi uno, akhoza kukhalira fayilo yako."

"Ndiye inu mudzatani?"

"Ndekha, palibe. Koma pepala likawerengedwa lero ndi amayi makumi anayi a m'sukulu khumi ndi imodzi, tsiku lake likuoneka, sangadzaimirire pamsonkhano n'kunena kuti ndi lake. Ena mwa amayiwo ndi amene amakhala pa komiti yokweza anthu."

Ndinkafunabe kupeza mbedza yake. Ndinaiyang'ana m'maso mwawo, ndinaiyang'ana m'mawu awo, osaipeza, ndipo kusaipezako kunandichititsa mantha kuposa china chilichonse. Ndinagwira cholembera. Mzere unatuluka wokhota, koma unadutsa zilembo zonse za Haryoko.

Kenako ndinayamba kumasula mfundo ya kumpango. Inali itathina. Bu Kus anangondiyang'ana, osathandiza, mpaka kachipangizoko katagwera patebulo.

"Mhm. Wochenjera kuposa ine pa msinkhu wako," anatero, akukalowetsa mu kompyuta.

Tinakonza tsamba loyamba, iwo anatumiza pepala lonse kwa amayi a gulu lija. Panja amuna anali atayamba kubwerera, nsapato zili khwakhwakhwa m'khonde. Tiyi atazirala foni yawo inalira. Anaiwerenga, n'kundipatsa. Unali uthenga wa pulofesa wina wa ku Makassar, kuchilumba china, mayi amene sanandionepo.

"Ndili patsamba lachisanu ndi chimodzi, ndasiya chakudya. Ndili ndi mafunso asanu ndi awiri, ayankhe yekha. Koma Bu Kus, Widuri ameneyu munkamubisa kuti zaka zonsezi?"