Mtedza wa M'thumba la Kumanzere

"Eleven out of thirty, amayi. Manambala sanama."

Anatero apongozi anga a Ambrosio, akundiyandikizira kachipangizo kawo ka tabuleti pathebulo la kwa mwana wanga Prudence ku Finglas, kuno kunja, ngati ine ndinapondako kusukulu. Iwowo ndiwo amalembera timu manambala. Mpira wake ndi wa ku America uja, wosongoka ngati papaya. Adzukulu anga awiri amasewera: Kebby wa Prudence amaponya, ati quarterback, pamene Edward, mwana wa a Ambrosiowo, amawakha.

"Waponya ka thirty, yofika eleven basi. Mawa ndikatumiza kwa kochi, Lamlungu Kebby akhala pabenchi."

"It's fine, agogo," anatero Kebby, mutu uli zyoli.

Fine ya chiyani? Zaka zitatu mwana akuponyera mpira m'tayala kuseri kwa nyumba, mvula ikumukwapula! Prudence ananyamuka n'kumatsuka mbale zotsuka kale. Ine lilime linkandiyabwa.

Masana a tsikulo kubwalo, mphepo ikundilowa m'mafupa, ndinali ndi mtedza wokazinga m'thumba la jekete. Malamulo awo sindiwadziwa, koma manja ndimawadziwa. Mpira ukafika m'manja mwa munthu n'kugwa, ndinkasamutsira njere imodzi m'thumba la kumanzere, mmene tinkawerengera madengu pokolola kwathu ku Ntcheu.

Ndinakhuthula thumbalo pathebulo.

"Werengani, bambo a Edward. Paja inu ndi ophunzira."

"Nine. Ndiye kuti chiyani?"

"Imeneyo inafika. Inamenya zikhatho n'kugwa. Kachipangizo kanuko kalemba kuti wogwetsa ndani?"

"Amayi, mpira ukagwa wagwa. Umalembedwa kwa woponya."

"Ndikakupatsirani dzira inu n'kuligwetsa, mukakalipira nkhuku?"

Esnat, mwana wanga wamkulu, mayi wake wa Edward, anadzambatuka. "Mwayambatu kukondera, amayi! Kuyambira kale ndi Prudence, Prudence!"

"Khala pansi iwe. Njere six pamenepa n'za mwana wako. Manja ngati wawaviika mu therere."

Eee, kunatentha. Prudence anatulukira ndi chipande m'manja, Esnat akukumba za diresi la ukwati la zaka twenty zapitazo, a Ambrosio akumenya pathebulo mpaka mtedza kudumpha. Ine phee pampando, mtima ukuchita kukoma.

"Ten, dad."

Anali Edward. Tonse tinatembenuka.

"Yogwa ndi ten. Agogo anadya njere imodzi, ndinawaona. Seven ndinagwetsa ine. Mukapanda kulemba, kochi ndimuuza ndekha."

A Ambrosio anakoka tabuleti ija n'kuyamba kudina, nsagwada zili gwa.

Lamlungu, timu ikulowa m'bwalo, ndinaimirira kufunafuna nambala ya Kebby pabenchi. Panalibe. Anali pakati, akulozera anzake poima, Edward akupukuta zikhatho pakabudula.

A Ambrosio anadzakhala pambali panga. Sanandiyang'ane. Anangondiikira pamiyendo kajumbo ka nyemba zouma za kumsika wa ku Moore Street.

"Izi simudya," anatero.