Nambala 214

Ku ofesi ankawatchula Mayi Deti, chifukwa pakamwa pawo sipankachoka funso lakuti, "Mutipatsa liti?" Ntchito yawo inali yoyang'anira kafukufuku. Sankalemba okha malipoti, koma ankaonetsetsa kuti ofunsa mafunso afunsa, olemba alemba, ndipo eni ntchito alandira zinthu pa tsiku lake. Chaka chimenecho ankafufuza za achinyamata amene anamaliza maphunziro a sayansi ku yunivesite: ali kuti, akuchita chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani ambiri sakupezeka m'malabotale. Lipotilo linkayenera kufika ku unduna Lolemba.

Lachinayi m'mawa Pulofesa, mkulu wa ofufuzawo, analowa osagogoda n'kuponya mapepala patebulo.

"Mayi, ndapeza mawu otsegulira lipoti. Manambala amagonetsa anthu tulo, koma awa awadzutsa. Tawerengani nambala 214."

Onse amene anafunsidwa analonjezedwa kuti mayina awo sadzadziwika, choncho aliyense anali ndi nambala chabe. Mayi Deti anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga.

"Ndinaphunzira kemisitiri zaka zinayi. Ndinkayeza madzi mulabotale ina, koma makina atawonongeka anatiuza kuti tikadikire kunyumba. Yapita miyezi isanu ndi iwiri. Kwathu sindinanene. M'mawa uliwonse ndimasamba, n'kunyamula chikwama, n'kukakhala mulaibulale mpaka madzulo. Mayi anga amagwira ntchito ndi anthu ophunzira kwambiri. Tsiku limene ndinalandira digiri anagwa pamasitepe akuthamangira kudzandikumbatira, mpaka pano bondo limawavuta. Munthu woteroyo ungamuuze bwanji kuti ukungokhala?"

Pansi pa tebulo, dzanja la Mayi Deti linapita lokha pa bondo lakumanzere.

"Mwaona?" anatero Pulofesa. "Ngakhale nduna ipukuta misozi."

"Ndiwerenganso bwino," anayankha Mayi Deti.

Pulofesa atatuluka, anawerenga kachiwiri, kachitatu. Anadziuza kuti azimayi ogwa pamasitepe ndi ambiri, ndipo oyeza madzi sangakhale mmodzi. Koma mtima sunamve. Mwana wawo woyamba, amene pamtundu onse ankamutchula Wasayansi, anali atatuluka m'mawa womwewo ndi chikwama kumsana, akunena kuti kuntchito kwachuluka zoyeza. Anakumbukira kuti masiku ano sankanenanso nkhani za anzake a kuntchito, ndipo kafungo ka mankhwala kamene kankakhala m'malaya ake kanatha kalekale. Iwo ankangoti mwina wayamba kuchapa bwino.

Ndandanda ya mayina enieni inali m'kabati yachitsulo kuseri kwa chitseko. Kiyi anali m'dirowa yawo. Lamulo lakuti munthu asatsegule kabatiyo popanda mboni analilemba ndi iwo omwe, ndipo chaka chatha anakalipirapo mtsikana wina mpaka kulira chifukwa chongosuzumira. Anatsegula dirowa, n'kumugwira kiyiyo. Anamubwezera. Kenako anatenga foni n'kuimbira mwanayo.

Inalira nthawi yaitali. Atayankha, ankanong'ona.

"Mama, ndili pakati pa ntchito. Kwagwanji?"

"Palibe. Bwanji ukulankhula motsitsa?"

"Muno safuna phokoso. Ndikuimbirani."

Tsiku lonselo anagwira ntchito ngati munthu wobwereka mutu. A ku unduna anaimba kawiri kufunsa ngati Lolemba lilipobe. Wokonza masamba anabwera ndi tchati chimene manambala ake sankagwirizana, iwo n'kungoti chili bwino, mpaka munthuyo anawayang'ana modabwa. Madzulo mwanayo anafika kunyumba nthawi yake yamasiku onse, n'kudandaula kutopa. Bambo ake anamugwira paphewa n'kunena kuti ntchito ndi imeneyo. Mayi Deti anangodzuka n'kupita kukhitchini kumene kunalibe chochita.

Lachisanu anagogoda kwa Pulofesa.

"Nambala 214 ndikuganiza kuti ndikumudziwa."

Pulofesa anavula magalasi. "Mwatsegula kabati?"

"Ayi. Koma ngati ine ndamuzindikira, enanso amuzindikira. Za bondozo zichoke. Za ntchito ya mayi akezo zichokenso."

"Mayi, bondolo ndiye mchere wa nkhani yonse. Tikachotsa titsala ndi chiyani?"

"Titsala ndi lonjezo lathu. Pa mwambo wolandira madigiri uja panali anthu ambiri, ena mwa iwo adzakhala ku unduna Lolemba. Komanso mulembe kuti chaputala chimenechi ine ndachokamo. Achione wina."

Pulofesa anatsegula pakamwa kuti atsutse. Kenako maso ake anatsika, n'kuona mmene mayiwo anaimira, atatsamira mwendo umodzi.

"Khalani pansi, mayi," anatero pang'onopang'ono.

"Ndikakhala sindidzukanso. Masamba akudikira."

Mawuwo anawadula. Wokonza masamba anang'ung'udza kuti akuyambiranso tsamba loyamba kachinayi, koma pofika nthawi yoweruka zinali zitatheka. Za kuntchito zinatha. Zimene zinatsala zinalibe deti, ndipo ndi zimene zinkawadya. Akamufunsa mwanayo, ndiye kuti agwiritsa ntchito chinsinsi chimene anapatsidwa kuti asunge. Akapanda kumufunsa, adzapitiriza kumuperekeza ndi maso m'mawa uliwonse akupita kopanda ntchito.

Loweruka m'mawa bambo ake anapita kukakonzetsa galimoto. Mayi Deti ankatsuka makapu pamene mwanayo anatulukira atapisira malaya, chikwama kumsana.

"Atiitana lero, mama. Kwatsala zina."

Mayi Deti anatseka mpopi. Anapukuta manja ndi kansalu.

"Lero usapite. Upume."

"Adzakwiya abwana."

"Sakwiya."

Mwanayo anaima pakhomo la khitchini. Anawayang'ana nthawi yaitali, nkhope ikusintha pang'onopang'ono.

"Mama, mwawerenga chinachake?"

"Funso limenelo sindingaliyankhe. Ndinasaina."

Mwanayo anaseka kaseko kopanda mphamvu, n'kutsitsa chikwama pansi. Anakoka mpando n'kukhala, mutu uli m'manja.

"Mayi amene anandifunsa uja anati palibe adzadziwe. Ndinkadziwa kuti ndi ofesi yanu, koma ndinati anthu mahandiredi, ndani angandione? Ndinangofuna kuuzako munthu, mama. Ndinatopa."

"Za ku ofesi uzisiye ku ofesi. Ine sindinamve kanthu. Ngati uli ndi nkhani yoti uwauze mayi ako, ndili pano."

Ndipo anawauza, kuyambira pachiyambi. Za makinawo, za makalata ofunsira ntchito oposa makumi atatu, za mlonda wa ku laibulale amene anafika pomusungira mpando wa pawindo. Zina zinali m'pepala lija, zambiri munalibe. Mayi Deti anamvetsera osamudula. Kangapo konse funso lakuti "ndiye upanga chiyani, liti?" linafika pa lilime, koma analimeza.

Atamaliza, anamuthirira tiyi, n'kudzithiriranso okha ngakhale anali atamwa kale.

"Nanga adadi?" anafunsa mwanayo. "Dzana lomweli amauza anzawo kuti madzi amene akumwa ndimayeza ndine."

"Adadi ako uwauza wekha. Ine ndikhala pambali pako."

"Lero?"

"Akabwera. Ukadikira mawa, ifikanso miyezi ina isanu ndi iwiri."

Mwanayo anagwedeza mutu movomera. Mayi Deti nawonso sankadziwa kuti bamboyo aitenga bwanji, munthu woti akakhumudwa amakhala chete sabata yathunthu. Anakhala awiriwo patebulo la kukhitchini, galimoto iliyonse ikamadutsa mumsewu onse n'kumatembenukira kugeti.