Nambala Seveni ya Che Hassani

Brighton anali atagwada pakhonde la mayi Abida, akutembenuza ndodo yachitsulo padzuwa. Mayi Abida anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Mlongo wawo wamng'ono, Nasser, anakhala panjerwa chapatali, maso ali pa nsapato za mlendoyo.

Ndodozo zinali za gofu. Malemu Che Hassani, amuna a mayi Abida, ankanyamulira azungu zikwama pabwalo la gofu ku Zomba, ndipo mzungu wina pobwerera kwawo anawasiyira ndodo zake. Kwawo kwa Malemia kulibe bwalo la gofu. Choncho ina inkachirikiza chitseko, ina inkagwetsa mango, ina inali itapha njoka zingapo. Ina mayi Abida ankayendera popita kumsika wa Songani, ndipo kumeneko n'kumene Brighton, mnyamata wa ku Blantyre, anaiona n'kuwatsatira mpaka kunyumba.

"Izi sanachite kuthira m'chikombole ngati mapoto, mayi," anatero Brighton. "Anachita kusula. Taonani kumbuyoku, n'kosalala ngati mpeni. Zamasiku ano zimakhala ndi dzenje." Anagogoda mutu wa ndodoyo ndi kiyi. "Mwamva?"

"Ndamva chitsulo," anayankha mayi Abida.

Brighton anaziyala pamphasa motsatana, kuyambira nambala thuu mpaka naini. Anawaonetsa kachidindo ka wosula, kofanana pa zonse. Nambala seveni anaigwira nthawi yaitali, akusisita ndi chala kamalo kofufutika pakati penipeni.

"Wogwiritsa iyi ankamenya pamodzimodzi. Anali katswiri."

"Che Hassani amenewo," anatero mayi Abida. "Ankamenyera nthangala za mango pabwalo pano mpaka nkhuku zonse kuthawa."

"Zonsezi n'zamimba imodzi, mayi. N'chifukwa chake ndikuzifuna. Imodzi ikasowa, zotsalazo ndi ana amasiye."

"Mukamenyera mpira?" anafunsa Nasser.

"Ayi bambo, ndimangosunga. Ndimakoloweka pakhoma."

"Pakhoma," anabwereza Nasser, akuyang'ana kumbali.

Brighton anatchula mtengo. Mayi Abida anakweza maso kudenga lawo la udzu, limene chaka chathacho linawagoneka pakati pa mabeseni. Mtengowo unali wokwana malata.

"Ndibwera Loweruka," anatero Brighton potsanzika. "Koma chonde, musazikweche ndi mchenga, musazipake kanthu. Dzimbirilo lisiyeni."

Galimoto isanafike n'kumsewu komwe, Nasser anali ataimirira.

"Achemwali, munthu wofuna dzimbiri munamuonapo? Achoke ku Blantyre, awotche mafuta, kudzagula chogwetsera mango?"

"Anthu a m'tauni amasunga agalu m'nyumba. Ndikawafunse chifukwa?"

"Aja ankazungulira m'midzi kugula simbi zamakala zakale, ankafuna kusita? Akuti ankafuna mekyule wa m'kati. Izinso muli kanthu. Mwaona mmene anaigogodera? Amamvetsera. Ndipo akuti musakweche, kuopa kuti mungaone. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

"Iwe mekyuleyo unamuonapo?"

"Ndimuona bwanji poti amatenga okha?"

"Tamvera, Nasser. Mitambo yayamba kale kukhala paphiripo. Kaya muli mekyule, kaya muli ziwanda, ine ndikufuna malata. Usazikhudze."

Anatero ndithu. Koma Nasser atapita, mayi Abida anatola ndodo imodzi n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Simunalire kanthu. Anagwedezanso ina. Kenako anazimanga zonse m'chitenje n'kuzikankhira kunsi kwa bedi, chitseko n'kuchichirikiza ndi mwala.

Lachisanu m'mawa mayi Abida anapita kudimba. Nasser analowa m'nyumba, nasolola nambala seveni, poti ndi imene mlendo anaisisita kwambiri. Anaibisa m'thumba la feteleza n'kupalasa njinga mpaka pa Songani, kwa Isaki wowotcherera zitsulo.

"Mukudula bwanji chinthu chabwinobwino, Che Nasser?" anafunsa Isaki.

"Dula iwe. Ndipo zimene uone pano usakauze munthu."

"Akatuluka golide tigawana?"

"Ndikugulira fanta."

Nasser anatchera mbale pansi kuti chotuluka chisatayike. Isaki anapana mutu wa ndodoyo n'kuyamba kucheka ndi sowo. Chitsulocho chinali chofewa, sichinavute. Chidutswa chinagwera m'mbale, ngwe! Onse awiri anawerama.

"Mwapeza," anatero Isaki. "M'kati mwa chitsulo muli chitsulo."

"Wadula polakwika. Dula apa, pakhosipa."

Isaki anadula pakhosi. Munalibe kanthu. Anamasulanso chikopa cha pogwirira, nasuzumira mumpopi wa ndodoyo, naugogoda pansi. Munatuluka fumbi ndi kangaude wakufa.

"Mekyule wanu uyo, ali ndi miyendo," anatero Isaki. "Fanta ija ikadalipo?"

Loweruka Brighton anafika dzuwa lisanatenthe. Mayi Abida anamasula chitenje, iye n'kuyamba kuyala. Pakati pa sikisi ndi eyiti panatsala mpata.

"Seveni ili kuti, mayi?"

Mayi Abida sanapite kukayang'ana kunsi kwa bedi. Anatembenukira kwa Nasser, amene anali atakhala panjerwa yake ija. Anangomuyang'ana. Nasser anakanda m'mutu, anatsokomola, kenako anapisa m'thumba la malaya n'kuika zidutswa pamphasa.

Brighton anatola chidutswa chimodzi. Sowo inali itadutsa pakati penipeni pa kamalo kofufutika kaja. 

"Mumafuna chiyani, bambo?"

"Chimene mumafuna inucho," anayankha Nasser.

"Ine ndimafuna ichi." Brighton anakweza chidutswacho. "Chinali poonekera. Sipanafunike sowo."

"Isaki akhoza kuwotcherera."

"Akhoza. Koma chikhala chitsulo cha Isaki." Brighton anapukuta manja pathalauza. "Pepani mayi, sindingagule monga tinapanganira. Mwina nditengeko ziwiri, koma ndalama yake siifika n'komwe pa malata."

"Zisiyeni," anatero mayi Abida. "Mwanena nokha kuti n'zamimba imodzi. Ana a Che Hassani sindiwagawa. Yendani bwino, bambo. Pepani mafuta anu."

Galimoto itachoka, Nasser anasendera pafupi, mawu atatsitsa.

"Mwaona, achemwali? Wathawa chifukwa tamutulukira. Ine ndikuganiza kuti mekyule ali mu eyiti."

Mayi Abida anatola nambala eyitiyo. Nasser anabwerera m'mbuyo msanga, koma iwo sanamumenye. Analoza nayo kutsidya kwa mpanda, kuseri kwa nyumba ya Nasser, kumene kunali mulu wa malata atsopano otsamiritsidwa kumtengo wa mango.

"Malata awo."

"Awo ndi a golosale yanga ya pa Naisi, achemwali. Mukudziwa."

"Anali. Amuna anga anandisiyira denga kunsi kwa bedi, iwe walicheka ndi sowo. Wadula ndiwe, ufolera ndiwe. Misomali ugule wekha."

"Nanga akazi anga ndikawauza chiyani?"

"Ukawauze kuti m'malatamo munali mekyule. Akakumvetsa."

Lolemba Nasser anali padenga, akukhoma. Isaki anabwera kudzathandiza, ndipo anabweretsa nambala seveni atailumikiza. Inali yokhota, ili ndi zipsera ziwiri zakuda ngati mphutsi. Mayi Abida anaitembenuza, nafunafuna ndi chala kamalo ka Che Hassani. Kanali katapsa, sikankaonekanso.

Anachotsa mwala uja pachitseko n'kuchirikizapo ndodoyo. Zina zisanu ndi ziwirizo anazitsekera m'bokosi, kiyi n'kumangirira pachitenje.

"Achemwali," anaitana Nasser ali pamwamba, msomali uli kukamwa. "Eyiti ija mungondibwereka ndiigwedeze."

"Khoma malata, iwe," anatero mayi Abida. "Mvula ili paphiripo."