Mabuku Atatu a Madamu Sungeni

Kodi pa mabuku atatu, lonyezimira, lonenepa ndi lowonda, mphunzitsi wofunira ana zabwino angasankhe liti? Lotani tione.

Lachinayi m'mawa, chifunga chisanachoke pa mapiri a Mphunzi, Madamu Sungeni anali atayenda kale kanayi pakati pa kalasi ya Fomu 1 ndi ofesi. M'manja mwawo munali mabuku awiri. Anayenera kukhala atatu.

Nkhani yake inali yotere. Silabasi yatsopano ya Chingerezi inkayamba teremu yotsatira, ndipo sukulu yawo inalandira mabuku atatu achitsanzo kuti isankhepo limodzi. Mabukuwo, pamodzi ndi chikalata chosankhira, anayenera kubwerera ku boma Lachisanu. Mphunzitsi wamkulu, a Zikhalo, anawatsekera m'kabati monga ankachitira ndi buku lililonse latsopano. M'kabatimo munali ngakhale mabuku a silabasi yakale, ena akadali m'mapulasitiki awo. Madamu anapempha mabuku atatuwo kuti akawawerengere kunyumba, koma m'malo mwake anawapereka kwa ana kuti azisinthana kwa masabata awiri. Tsopano lowonda lija, la chikuto chotuwa, linali litasowa.

"Munapatsa ana?" anafunsa a Zikhalo atavula magalasi. "Mabuku a boma, m'manja mokumbira mbatata?"

"A Hedi, ndimafuna ndione lomwe angalimve. Silabasiyi ikuti ana aziwerenga ndi kuyankhula okha."

"Safunsa anadya phula, Madamu. Mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti labwino ndi lonyezimirali. Taonani zithunzi zake! Losowalo likapanda kupezeka pofika mawa, ndisankha ndine, ndipo makiyi a kabati simudzawagwiranso."

Madamu anabwerera m'kalasi mtima uli m'mwamba. Yohana anati analipereka kwa Timoteyo. Timoteyo anati Chisangalalo anamulanda asanalimalize. Chisangalalo analoza kumbuyo, wa kumbuyoyo analoza pawindo, mpaka zala zonse zinathera pa desiki ya Monika. Monikayo anali asanabwere.

Nthawi yopuma Madamu sanamwe tiyi. Ankakhala, n'kuima, n'kusuzumira panjira yotsika kuphiri.

"Mutha nsapato, achemwali," anatero a Rafaelo, mphunzitsi wa zaulimi, akuothera manja pa kapu. "Kapena buku lanulo lamera miyendo, lapita ku Linthipe kukagulitsa kabichi?"

"Inu sekani. Si inu mukufa."

"Ine ndingoti mbava yake ili ndi nzeru. Bwanji sinabe lonyezimiralo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Ataweruka, Madamu anakwera mtunda kupita kwawo kwa Monika, mphepo ya mwezi wa Juni ikuwawomba kumaso. Anapeza chitseko chotseka. Mayi wina woyandikana nawo anati onse ali kudimba, koma ataloza chigwa chake, madimba anali oposa makumi awiri. Anayendera asanu ndi limodzi, nsapato zinalemera ndi matope, ndipo anabwerera chimanjamanja.

Lachisanu a Zikhalo analawirira. Anayala chikalata patebulo, natsegula cholembera. Madamu anaima pakhomo la ofesi, maso ali kunjira.

"Odi kuno!"

Anali amayi ake a Monika, atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje. Monika ankabwera pambuyo, mutu uli pansi. Mayiwo anagwada pang'ono, napereka moni, namasula chitenjecho.

A Zikhalo anagwira pakamwa. Chikuto chinali chitachoka, ndipo wina analisoka bukulo ndi ulusi wa thumba la feteleza. Masamba onse anali ndi zidindo za zala za dothi lofiira. M'mphepete mwa masamba munali mawu a Chichewa olembedwa ndi pensulo, omasulira mawu ovuta, ndipo kalembedwe kake kanali ka manja osiyanasiyana.

"Aphunzitsi, landirani katundu wanu," anatero mayiwo. "Wandiumitsira kabichi. Mwanayu ndikamutuma kukathirira, iye pamwala khale, anzake mbali iyi ndi iyi, n'kumawawerengera mokweza ngati katekisiti. Dzana ndinamulanda n'kulibisa m'nkhokwe. Ndiye dzulo anakana kubwera kusukulu, akuti akuopa Madamu."

"Mwaona, Madamu?" anatero a Zikhalo. "Ndikabweze chinthu chotere? Ndikati chagwidwa ndi chiyani, nguluwe?"

Madamu anatsegula pakamwa, koma mayi aja anawatsogolera.

"Pepani a Hedi, ndifunse nawo. Mtsikana wa m'bukumo, uja ankayenda mtunda wautali kupita kusukulu bambo ake akukana, mayeso aja anakhoza? Monika amatimasulira tikamapalira. Ine ndinalanda buku tisanafike kumapeto, ndiye zikundisowetsa mtendere."

A Rafaelo, amene anali ataima pawindo, anaseka mpaka kutsokomola. "A Hedi, ku phunziro langa khasu loyera timalikayikira. Lomwe lalima limabwera ndi dothi."

A Zikhalo sanaseke. Anatenga buku lonenepa lija, naliona kuti linali loyera ngati tsiku lomwe linafika. Anatenga lonyezimira. Masamba a zithunzi anali odetsedwa pang'ono, koma kuyambira tsamba lakhumi ambiri anali akadali omatana. Anawalekanitsa ndi chala, limodzi limodzi, kenaka anatembenukira kukabati. Anayang'ana mapulasitiki aja nthawi yaitali.

"Iwe Monika," anatero potsiriza, "tawayankha amayi ako. M'Chingerezi."

Monika anadzutsa mutu. Anayamba motsitsa mawu, akupunthwa apa ndi apo, koma anafotokoza mpaka kumapeto osayang'ana m'buku. Kenaka anatembenukira kwa mayi ake. "Anakhoza, amayi."

"Eya!" Mayiwo anawomba m'manja kamodzi. "Tsopano ukathirire kabichi."

A Zikhalo anakankhira chikalata kwa Madamu, naika makiyi a kabati pamwamba pake. "Za chikutozi ndikalongosola ndekha ku boma. Lembani msanga, minibasi ingatisiye."

Madamu Sungeni anapukuta manja pa siketi yawo, nagwira cholembera. Anasankha lowonda, losokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza.