Kamalaya Kamene Kanada ndi Utsi

Lole ya Liaqat inalephera mayeso a utsi mwezi usanathe chiigulireni. Kausar anadziwa zimenezi mwamuna wake asanatsegule pakamwa, chifukwa masana amenewo anafika osaliza hutala. Masiku onse ankayamba kuliza hutala ali pa mzikiti, kuti anthu onse a m'tauni ya Bhalwal adziwe kuti mwana wa malemu Bashir tsopano ali ndi galimoto yakeyake.

Anailowetsa kumpanda chafutambuyo monga mwa nthawi zonse, mpaka kumbuyo kwake kunatsala pang'ono kukhudza khoma la chipinda chawo chogona. Anazimitsa injini, n'kukhala momwemo kwa kanthawi, mutu uli pachiwongolero.

"Mkazi mnzangayu wakulakwirani chiyani lero?" Kausar anafunsa akuloza loleyo, uku akumupatsira tiyi.

Liaqat sanaseke. "Analowetsa kachitsulo ku ekizozi n'kundiuza kuti ndiponde moto. Nditaponda, bambo wa makina uja anathawa atagwira mphuno. Akuti utsi wapyola muyezo. Sitika andimana. Popanda sitika, nyengo ya chifunga ino apolisi sangandilole kulowa mumzinda wa Lahore."

Kausar anayang'ana pansi. Manachesi anali atayamba kupsa m'minda yonse yozungulira tauniyo, ndipo loleyo anaigulira ntchito imeneyi. Inali yokongola ngati mkwatibwi. M'mbali mwake munali nkhanga zamitundu ndi maluwa, kunsi kunkalendewera timatcheni tolira ngati mabelu, pamwamba panali chisoti chachikulu chamatabwa osema. Kwa wopenta Liaqat anakhalako masiku ambiri. Kwa makaniko sanapondeko n'komwe.

Dzuwa likupendeka kunabwera Boota, msuweni wa Liaqat, dalaivala wa lole amene anakulira pamsewu. Anazungulira loleyo akuimenya m'mbali ngati akugula njati yoweta.

"Ndiye nkhope yagwa chifukwa cha zimenezi? Iwe ndiwe mwana ndithu. Utsi wakuda ndiye mphamvu. Lole yosafuka utsi ndi ngolo ya bulu."

"Bulu amalowa mu Lahore. Ine sindilowa."

"Tamvera. Pa pampu ya mafuta pali kabawuti. Amene anakugulitsa anakamasula kuti lole izikoka katundu wa malole awiri. Tsiku lobwerera kukayezetsa timakamanga, injini imamwa pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi, utsi zii. Ukangolandira sitika, pokhota poyamba pomwepo ukamasulenso. Tonse timatero. Ndibwera mawa masana ndi sipanala."

Kausar anamva zonsezi ali kuseri kwa chitseko, atakanikiza mpango pakamwa kuti chifuwa chisamveke.

Anali ndi zinsinsi ziwiri, ndipo zonse zinkamulemera. Choyamba chinali chifuwacho. Chinayamba loleyo itangobwera. M'mawa uliwonse Liaqat ankaliza injini kuti itenthe, iye n'kumadya chapati modekha kukhitchini ndi amayi ake. Utsi unkakwera khoma n'kulowa pa kazenera kopanda galasi kamene kanali pamwamba pa bedi. Kausar ankadzuka kukhosi kukuwawa, pamtima pali gwa ngati wina wakhalapo. Ankatsokomolera m'pilo. Akanadandaula bwanji ndi chinthu chimene chinachititsa mwamuna wake kuyenda mowongoka kwa nthawi yoyamba chimwalirireni bambo ake?

Chinsinsi chachiwiri chinali m'mimba mwake. Chaka chatha, ali woyembekezera koyamba, nyumba yonse inasangalala, apongozi ake anagawa maswiti msewu wonse. Kenako mimba ija inachoka. Azimayi amene anadya maswitiwo ndi omwe anabwera kudzanena kuti nkhani yabwino siilengezedwa, maso a anthu ndi oipa. Ulendo uno Kausar sanauze aliyense kupatula Baji Shamim, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo. Koma mtima sunapirire. Anasoka mobisa kamalaya koyera, kakang'ono ngati chikhatho chake, n'kukabisa pamwamba, m'mphepete mwa kazenera kaja, pamene apongozi ake sakanafikira. Iwo ankati kusokera mwana asanabadwe n'kuitana tsoka.

M'mawa mwake kunali chifunga chokhuthala moti mtengo wa pakhomo sunkaoneka. Liaqat analiza injini ngakhale kunalibe kopita, ati kuti batire isafe. Atazimitsa n'kupita kumsika, Kausar anayesa kudzuka koma mpweya unakana kulowa. Anagwada pansi atagwira mwendo wa bedi, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka.

Umu ndi mmene Baji Shamim anamupezera pamene ankayendera nyumba za m'kanjirako. Anamukokera pakhomo, anamukhazika mowongoka, n'kumusisita pamsana mpaka mpweya unabwerera.

"Zayamba liti?"

"Ndi kuzizira chabe, Baji."

"Ine ndine mayi wa ana asanu, usandinamize. M'chipindamu mukununkha ngati m'galaja. Mwana akusuntha?"

"Akusuntha." Kausar anamwetulira mofooka. "Ndinamusokera kanthu. Musauze munthu."

Anakwera pabedi n'kupisa dzanja pa kazenera. Zala zake zinagwira nsalu ija, koma ataitsitsa anakuwa. Kamalaya kanali kakuda. Mwaye unali utalowa m'misoko monse, ndipo ataupukuta ndi chala unangomatirira, wamafutamafuta.

"Tsoka lija ndi limeneli," ananong'ona. "Apongozi ankanena."

"Limeneli si tsoka, ndi dizilo," Baji Shamim anayankha. "Nsaluyi yangokhala pamenepo, siipuma. Iwe umapuma. Zimene waona apazi zili m'mapapo mwako, ndipo tina tating'ono kwambiri timalowa m'magazi. Mayi woyembekezera akamapuma utsi wotere, mwana akhoza kubadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane. Mawa upite kuchipatala. Koma mankhwala sangathandize ngati m'mawa uliwonse ukumwa utsi womwewo."

"Akuti akapusitsa makina oyezera, kenako abwezere mmene zinalili."

"Ndiye sitika idzakhala pagalasi, utsi udzakhala m'chifuwa mwako. Kodi ukuganiza boma limayeza utsi pofuna kukongoletsa magalasi?"

"Mwamuna wanga akamva adzati ndimadana ndi lole yake. Komanso ndikamuuza za mwana, n'kuchitikanso zija..."

Baji Shamim anamugwira dzanja. "Chinsinsi ndi chako, ine sindiulula. Koma wachisunga pofuna kuteteza mwanayu, ndipo lero kukhala chete n'kumene kukumupweteka."

Masana Boota anabwera ndi sipanala yake akuimba mluzu. Iye ndi Liaqat anavundukula injini n'kuweramira pa pampu. Kausar anaima pakhomo nthawi yaitali, kamalaya ali atakafumbata. Anamva chitsulo chikugwira chitsulo, ndipo anatuluka.

"Tamverani," anatero, pakuti dzina la mwamuna wake sankalitchula.

"Wabwera bwino, mlamu, tiyi wathu ali kuti?" anatero Boota.

Kausar anatambasula dzanja. Liaqat, maso ali pa injini, analandira nsaluyo poyesa ndi kasanza, n'kuyamba kupukutira zala. Kenako anasiya. Anaitambasula pang'onopang'ono. Panaoneka timikono tiwiri, ndi kakhosi kokhala ndi kabatani kamodzi.

Mluzu wa Boota unathera m'kamwa.

"Kausar, ichi n'chiyani?" anafunsa Liaqat.

"Ndi ka mwana wanu. Kanali koyera. Ndinakabisa pa kazenera ka kuchipinda."

Anafuna kupitiriza, koma chifuwa chinamugwira, ndipo ulendo uno sanachibise. Anatsokomola atawerama, misozi ikutuluka, mpaka apongozi ake anathamanga kuchokera kukhitchini manja ali ufa wokhawokha. Liaqat anayang'ana mkazi wake, anayang'ana kazenera, kenako paipi ya ekizozi imene inaloza khoma lomwelo. Pakhomapo panali chibanga chakuda chokwera mpaka pazenera. Ankachiona tsiku lililonse, koma anali asanachiganizirepo.

"Wakhala ukutsokomola chonchi kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene inabwera."

"Osandiuza?"

"Munali wosangalala."

Boota anakanda m'mutu. "Zimenezi n'zosavuta, m'bale wanga. Tsekani zeneralo ndi katoni, ife timalize ntchito."

"Nanga kumsewu ndikatseka mazenera a ndani?" Liaqat anatero motsitsa mawu. "Tenga sipanala yako. Ngati ukufuna kundithandiza, itana anthu tikankhe."

"Tikankhe? Kiyi uli naye m'thumba!"

"Muno siilizidwanso."

Amuna a m'kanjirako anabwera, ena akuseka, ena akung'ung'udza, n'kukankha chilole chija mpaka pabwalo la kuseri kwa sitolo, kutali ndi nyumba. Timatcheni tinkalira pang'onopang'ono ngati pamaliro.

Kuchipatala dokotala anamvetsera m'chifuwa mwa Kausar nthawi yaitali. Anamupatsa mankhwala opopera m'kamwa, n'kunena kuti njira za mpweya zatupa, ndipo mwina nyengo yozizira iliyonse zizimuvutitsa. Za mwana anati akuoneka wochepa, ayenera kumabwera kusikelo kawirikawiri. Liaqat anamva zonsezi ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

Atachoka kumeneko anapita ndi lole kwa Ustad Rafiq, makaniko wachikulire wa pamsewu wa ku Sargodha. Mkuluyo anasolola sefa ya mpweya n'kuigwetsa pansi. Fumbi linabuka.

"Mkwatibwi wako wavala bwino, koma mphuno zatsekeka," anatero. "Injini ikasowa mpweya, dizilo sapsa yense. Utsi wakuda umene anzako amati mphamvuwo ndi dizilo wosapsa. Umagula mafuta n'kumawamwaza m'mapapo mwa anthu. Umathira kuti?"

"Kwa aja a migolo m'mbali mwa msewu. Ngotsika mtengo."

"Ngosakaniza. Ndi amene adya manozo akowa, m'malo mopopera dizilo mu injini akungodontha. Tisintha sefa, manozo ndi oyilo. Pampu ndiitumiza kwa oyeza, aibwezere pa muyezo wa amene anapanga injiniyi, aimange. Ukadzalola munthu kuimasulanso, usadzabwere kuno. Ndipo uzinyamula katundu wa lole imodzi."

"Ustad, zitenga nthawi yaitali bwanji? Manachesi ayamba."

"Manachesi adzapsanso chaka chamawa."

Kuti zipangizo zipezeke, Liaqat anatsitsa chisoti chosema chija n'kuchigulitsa, pamodzi ndi timatcheni tonse. Loleyo inatsala yometedwa ngati wamasiye. Madalaivala a pamalo omwera tiyi ankamufunsa ngati akuba anamuvula panjira. Maulendo oyamba, amene amalipira bwino, anapita ndi ena, iye akuyang'ana malole odzaza akudutsa m'chifunga. Kunyumba ankadya chapati ndi mphodza basi. Koma m'mawa Kausar ankadzuka kuli chete, ndipo pang'onopang'ono kulira kwa m'chifuwa kunayamba kuchepa.

Tsiku lobwerera koyezetsa, Kausar anapempha kuti apite nawo. Anaima patali, kunja kwa mpanda, mpango uli kumphuno. Anaona woyeza akulowetsa kachitsulo ku ekizozi n'kukweza dzanja. Injini inabangula. Kausar anatsinzina, kenako anatsegula diso limodzi. Kumbuyo kwa lole kunangotuluka kampweya kotuwa kamene kanazimirira nthawi yomweyo. Woyezayo anauza Liaqat kuti apondenso, ndi kupondanso. Anayang'ana makina ake nthawi yaitali, nkhope yake isakuonetsa chilichonse. Kenako anapita kutsogolo, anapukuta galasi ndi mkono wa malaya, n'kumatapo sitika.

Liaqat sanakuwe. Anatsika, anayenda mpaka pampanda, n'kuima pafupi ndi mkazi wake.

"Yakhoza," anatero. "Ndipo mmene yakhozeramu ndi mmene iziyendera."

Anapeza maulendo a kumapeto kwa nyengo, ochepa koma okwanira kuti banja lidye. Anadabwa kuona kuti loleyo inkamwa mafuta ochepa kuposa kale. Boota, amene sitika yake anaipeza mwa njira ya kabawuti, anaimitsidwa pamsewu ndi oyeza utsi oyendayenda, ndipo lole yake inagona kupolisi manachesi ali momwemo.

Mwana anabadwa nthawi yokolola tirigu, wamkazi, wopepuka moti agogo ake ankaopa kumunyamula. Anakhala kuchipatala masiku angapo asanamulole kupita kwawo. Kausar mpaka lero amayenda ndi mankhwala opopera kukazizira. Koma mwanayo akalira, kanjira konse kamamva, ndipo Baji Shamim amati mapapo otero sanawamvepo.

Mayeso a utsi si chopinga chofunika kuchizemba. Alipo pofuna kuteteza anthu amene amapuma kumbuyo kwa galimoto yanu, ndipo oyamba mwa iwo ndi a m'nyumba mwanu. Mukagula galimoto ya dizilo, yambani mwapita nayo kwa makaniko wodziwa ntchito musanaikongoletse. Sinthani sefa ndi oyilo pa nthawi yake, thirani mafuta pamalo ovomerezeka, musamasule pampu, ndipo musalize injini pafupi ndi pogona anthu. Ngati utsi ukukudwalitsani, nenani msanga ndipo pitani kuchipatala. Makina oyezera mukhoza kuwapusitsa tsiku limodzi, koma utsiwo anthu adzaupuma tsiku lililonse.